Tattoo ya nkhope yasuluka itapola: vuto lili pati, nanga mungatani?

Dandaulo lake silisinthasintha. Munthu wajambulitsa nkhope ya mayi ake, ya mwana, kapena mutu wa mkango pamkono, mwa kajambulidwe kaja ka black and grey realism, komwe wojambula amagwiritsa ntchito inki yakuda yokha n'kutulutsa chithunzi chokhala ngati chatoledwa ndi kamera. Tsiku loyamba chimakoma zedi, makwinya a pamphumi akuoneka limodzilimodzi, diso likuchita kunyezimira. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri masaya aja asowa, mphuno yalowerera m'khungu, patsala maso ndi tsitsi basi. Kwa ena zimachitika mosiyana: nkhope yonse imaphatikizana n'kukhala chigamba chakuda bii, moti munthu woima patali amafunsa kuti kodi chimenecho ndi chiyani.

Izi zimagwera aliyense, koma ife akhungu lakuda zimatigwera kwambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti mukabwerera kukadandaula, ojambula ena amangoti khungu lanu ndi lovuta, kapena simunaisamale. Nthawi zina n'zoona kuti chisamaliro chinachepa. Koma pa ma tattoo ambiri osuluka amene ndaonapo, vuto linayamba singano isanakhudze n'komwe khungu, pamene wojambula amasankha kukula kwa chithunzi ndi kuda kwa mithunzi yake.

Kajambulidwe kameneka sikanabadwire pakhungu loyera mbee ayi. Kanachokera m'ndende za ku California, pakati pa akaidi a mtundu wa Chicano, anthu a ku America omwe makolo awo anachokera ku Mexico. Inki ya mitundu kunalibe, ndiye ankapanga yakuda ndi mwaye, singano n'kukhala waya wa gitala womangirira ku kamota ka wailesi ya kaseti. Akafuna mthunzi wopepuka ankangothira madzi mu inkiyo. Mu 1975 Charlie Cartwright ndi Jack Rudy anayamba kugwira ntchito yotereyi poyera pa shopu ya Good Time Charlie's Tattooland ku East Los Angeles, kenako Freddy Negrete, yemwe luso lakelo analiphunzirira m'ndende, anadzalowa nawo. Khungu la makasitomala awo linali loderako, ngakhale silifika pa lathu, choncho kuyambira pachiyambi lusoli linkadalira kudziwa kuchuluka kwa mdima umene khungu labwera nawo kale.

Sabata yachiwiri mpaka yachinayi: yatuwa mbuu

Ngati tattoo yanu sinakwanitse mwezi, musapite kaye kukakangana ndi munthu. Ikafundula, pamwamba pake pamamera khungu latsopano lopyapyala, lonyezimira, lokhala ngati lapakidwa ufa. Pakhungu lakuda kutuwa kumeneku kumaonekera kwambiri, ndipo chithunzi chimaoneka ngati chafufutika. Zimatha zokha. Pakani mafuta opanda fungo pang'ono chabe, kawiri pa tsiku, mudikire kuti pathe masabata 6 mpaka 8. Zimene mudzaone pamenepo ndiye tattoo yanu yeniyeni, ndipo zonse zimene ndikunena m'munsimu muziyeze pa nthawi imeneyo.

Mithunzi yopepuka yasowa

Apa ndi pamene pagona nkhani. Singano imasiya inki pa khungu lam'kati lotchedwa dermis, pafupifupi milimita imodzi kapena awiri kuchokera pamwamba. Melanin, amene amapatsa khungu lathu mtundu wake, amakhala pa khungu lapamwamba, epidermis. Ndiye kuti tattoo ikapola, inu mumaiona kudzera mu melanin wanu, monga mmene mumaonera munthu wokhala m'galimoto ya magalasi akuda: zinthu zakuda kwambiri ndi zowala kwambiri mumatha kuzisiyanitsa, koma zapakatikati zimangofanana.

Wojambula black and grey amayala timakapu patebulo, kamodzi ka inki yakuda yosasakaniza, tina ta inki yothira madzi mosiyanasiyana, imene amaitcha grey wash. Ambiri amayala tinayi kapena tisanu, kuchoka pa kakuda bii kufika pa kooneka ngati madzi otsukira burashi. Inki ya mtundu umenewu imangodetsa, siingawalitse. Choncho malo owala kwambiri pachithunzi chonse ndi khungu lanu losakhudzidwa, ndipo mthunzi uliwonse umene uli wopepuka kuposa khungu lanu sudzaoneka ikapola. Pa khungu la mzungu timakapu tonse tisanu timagwira ntchito. Pa khungu lakuda kwambiri mwina ndi tiwiri kapena titatu tokha, ndipo totsalato n'kungovulaza khungu pachabe.

Nanga n'chifukwa chiyani tsiku loyamba mithunziyo inkaoneka? Chifukwa pa tsikulo inki imakhala yadzaza ndi pa khungu lapamwamba lomwe, palinso kutupa ndi magazi amene asonkhana pansi, zonsezo zimadetsa malowo. Khungu lapamwamba limadzisintha lonse pa masabata pafupifupi anayi, limachoka ndi inki yake, kutupa kumaphwa, melanin amabwerera. Grey wash imapola mopepuka kusiyana ndi mmene imaonekera ili yaiwisi, pa khungu lililonse. Wojambula wozolowera amadziwa zimenezi ndipo amadetsa dala kuposa mmene diso likufunira. Wosazolowera amasiya pamene chithunzi chakoma pa foni.

Kuti mudziwe ngati vuto lanu ndi limeneli, imani panja pamthunzi masana, osati pansi pa babu, mupake timafuta pang'ono, muyang'ane. Ngati mbali zakuda monga mboni za m'maso, mphuno m'kati ndi tsitsi zili zolimba bwinobwino, khungu lili losalala mukalisisita, koma masaya, mphumi ndi khosi zasowa mofanana paliponse, ndiye kuti inki inasungunulidwa mopitirira. Si vuto la kasamalidwe kanu. Kusasamala kumasiya zigambazigamba, sikuchotsa mthunzi umodzi wokha mwadongosolo chonchi.

Ubwino wake, mwa mavuto onse ili ndi losavuta kukonza, popeza khungu silinaonongeke ndipo malo owonjezerapo alipo. Bwererani pakatha miyezi iwiri kapena itatu, wojambula adutsenso kachiwiri ndi inki yakuda kuposa poyamba. Chimene muyenera kukana ndi chakuti angodzaza paliponse pamene pasowa. Adetse mithunzi ya pansi pa chibwano, m'mbali mwa mphuno, m'munsi mwa nsidze ndi kumbuyo kwa mutu, koma pamwamba pa masaya, pamsonga pa mphuno ndi pakati pa mphumi asiye khungu lanu momwe lilili. Kuika mdima kumbuyo kwa nkhope n'kumene kumaiwalitsa. Ojambula ambiri aluso pa khungu lakuda amakonza ntchito yotere kuti ichitike maulendo awiri kuyambira pachiyambi, ulendo woyamba kuyala maziko, wachiwiri kuona mmene khungu lalandirira n'kulimbitsa. Ine ndimaona kuti ndiyo njira yoona, ndipo wojambula amene wakuuzani zimenezi musanalipire ndi woyenera kumukhulupirira.

Zonse zada, nkhope sikudziwikanso

Ili ndi lovutirapo. Zoyambitsa zake zingapo zimafanana maonekedwe, ndiye pamafunika kuyang'anitsitsa.

Choyamba ndi kuchepa kwa chithunzi. Inki siikhala phee pamalo pamene yaikidwa. Imagwiridwa ndi maselo a chitetezo cha thupi otchedwa macrophage, ndipo mu 2018 asayansi a ku Marseille ku France anaonetsa pa mbewa kuti maselo amenewa akafa amataya inkiyo, ena atsopano n'kuitolanso. Pa zaka zambiri kadontho kalikonse kamafalikira pang'ono. Ngati nkhope yonse yapanikizidwa pa malo ochepa ngati bokosi la machesi, mpata wa pakati pa chikope ndi nsidze ndi wochepa moti umatsekeka. Nkhope ya munthu imafuna malo osachepera chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo pa khungu lakuda ndi bwino kuposerapo. Ndikudziwa kuti yaikulu imadula, koma yaing'ono yotchipa ija mudzailipira kawiri.

Chachiwiri ndi chithunzi chimene munapereka. Zithunzi zambiri za makolo athu ndi za pa chiphaso kapena zotoledwa ndi fulashi kumaso, zopanda mthunzi mbali iliyonse. Wojambula akachikopera momwe chilili, amapaka mthunzi wapakatikati nkhope yonse kuti aonetse kuti munthuyo anali wakuda, ndipo ikapola zonse zimakhala mtundu umodzi. Kuda kwa nkhope ya mayi anu khungu lanu lili nako kale. Chofunika ndi chithunzi chimene kuwala kukuchokera mbali imodzi, ndipo ngati chilipo n'chimodzi chokhacho, wojambula achikonze kaye pa kompyuta kapena pa tabuleti, achepetse mithunzi ikhale itatu yosiyana bwino.

Chachitatu ndi singano yolowa kwambiri mpaka kufika pa mafuta a pansi pa khungu. Pamenepo inki imayenderera, ndipo m'mbali mwa mizere mumaoneka kamthunzi kobiriwira kapena kabuluu. Ojambula amati blowout. Imakonda malo a khungu lopyapyala, monga m'kati mwa mkono, pamkono pafupi ndi dzanja, ndi pamwamba pa phazi. Imaonekera pa masiku oyambirira ndipo siichoka yokha, ngakhale imatha kuzirala pang'ono.

Chachinayi anthu ambiri sachidziwa. Khungu lakuda likavulala limatha kupanga melanin wochuluka pamalo povulalapo, chimodzimodzi madontho akuda amene amatsala chiphuphu chikapola. Ngati wojambula anabwerezabwereza pamalo pamodzi, malo amene amayenera kuwala amada chifukwa cha khungu lenilenilo, osati inki. Muzindikira poona kuti kudako n'kofiirira ngati khofi ndipo kwadutsa malire a chithunzi. Apa musalole singano ina. Kuda kotereku kumachepa kokha, koma kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka, ndipo dzuwa limakuwonjezera. Vindikirani malowo ndi chovala, kapena pakani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa tattoo ikapola.

Ndipo chonde, musapake mafuta oyeretsa khungu pofuna kuti chithunzi chiwale. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi hydroquinone kapena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, amene amapyapyalitsa khungu, kuchedwetsa kupola kwa zilonda, ndipo akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya kuda kwina kovuta kuchotsa. Ngati mumadzola kale mafuta otere, muuzeni wojambula musanayambe.

Tattoo imene yada chifukwa cha inki yochuluka siikonzedwa ndi inki ina yopepuka. Chimene wojambula waluso angachite ndi kudetsa kwambiri mbali zina kuti zotsalazo zioneke zowala poyerekeza, kapena kukulitsa chithunzi ndi mdima wakumbuyo. Zikakanika pamatsala laser, makina a kuwala kwamphamvu ofufutira tattoo.

Zigambazigamba ndi malo oyera

Ngati inki yachoka m'malo ena mopanda dongosolo, m'mphepete mwake muli mokhadzukakhadzuka, kumbukirani mmene inapolera. Panali nkhanambo zokhuthala? Black and grey yojambulidwa bwino imafundula timakungu topyapyala, siichita nkhanambo zolimba ngati chilonda cha pabondo. Nkhanambo yokhuthala ikamatuka isanakhwime imanyamula inki. Imamatuka chifukwa chokanda, chifukwa cha malaya othina kapena lamba wa chikwama, chifukwa chonyowa nthawi yaitali m'bafa kapena kunyanja, kapena chifukwa chopaka Vaseline wambiri amene amafewetsa nkhanambo n'kutsekera thukuta ndi fumbi m'kati. M'nyengo yotentha ya Okutobala izi zimachuluka. Kwa masabata awiri kapena atatu oyamba, tsukani ndi sopo wopanda fungo ndi madzi oyera, umitsani pongokhudzakhudza ndi kansalu koyera osapukuta mokhula, pakani mafuta ochepa moti khungu lisachite kunyezimira, ndipo osasambira.

Komabe nkhanambo yokhuthalayo nthawi zambiri imayambira kwa wojambula. Mithunzi yosalala amaipanga ndi singano zambiri zoyalidwa ngati chipeso, zotchedwa magnum, ndipo amayala pang'onopang'ono. Pa khungu loyera, kufiira kumamuchenjeza kuti apa pakwana. Pa lathu kufiirako sikuoneka bwino, ndiye wosazolowera amapitiriza kudutsa chifukwa sakuona mthunzi wake ukutuluka, mpaka khungu litanyenyeka. Chizindikiro chimene amayenera kuyang'ana ndi kutupa, kunyezimira ndi timadzi totuluka. Mukasisita pamalo pa chigambapo n'kumva kuti ndi polimba, ponyezimira kapena potuwa kuposa khungu lozungulira, chimenecho ndi chipsera. Chipsera sichigwira inki bwino ndipo chimafuna nthawi yaitali, mwina miyezi 6 mpaka chaka, chisanakhudzidwenso. Ngati khungu lili lofewa ngati kwina konse, kudutsa kamodzi kokha kumakonza.

Za inki yoyera sindichulukitsa. Ojambula amakonda kumalizira ndi timadontho toyera m'maso ndi pamilomo chifukwa timakongoletsa chithunzi cha pa Instagram. Nayonso imakakhala pansi pa melanin, choncho ikapola imaoneka yachikasu, yofiirira, kapena imasowa. Kadontho kamodzi m'diso palibe vuto. Nkhope imene kuwala kwake konse kwadalira inki yoyera idzazima.

Tiziphuphu tomera pa mithunzi yotuwa pokha

Ili si vuto la maonekedwe, ndi la kuchipatala, ndipo limakhudza black and grey kuposa mitundu ina chifukwa cha madzi aja othira mu inki. Ngati pakatha sabata imodzi mpaka atatu patuluka tiziphuphu tolimba, toyabwa kapena ta mafinya, ndipo tatsata malo a grey wash n'kusiya malo a inki yakuda yosasakaniza, ganizirani za madziwo. M'madzi a pampopi mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Mycobacterium chelonae, ka m'banja limodzi ndi koyambitsa TB. Kumapeto kwa 2011 mumzinda wa Rochester ku New York, anthu 19 ojambulidwa ndi munthu mmodzi anatuluka zotupa zotere. Shopu yake inali yaukhondo. Kachilomboko kanapezeka m'botolo losatsegula la inki yotuwa imene inabwera yosakaniza kale kuchokera kufakitale.

Matendawa satha ndi mafuta opaka kapena makapisozi ogula pagolosale. Amafuna kuti adokotala ayeze kachidutswa ka khungu kapena mafinya, ndipo mankhwala ake amamwedwa kwa miyezi ingapo. Mukapita kuchipatala nenani momveka kuti inki inathiridwa madzi ndipo ziphuphu zili pa malo amenewo okha, chifukwa popanda mawu amenewo n'zosavuta kuti aziyese ziwengo wamba. Muuzeninso wojambula kuti asiye botololo. Kwa ojambula: madzi osungunulira inki akhale aja ophedwa tizilombo a m'mabotolo omata a ku famase, amene amasungunulira mankhwala a jakisoni. A pampopi, a pamjigo ndi akumwa a m'botolo sayenera kulowa m'kapu ya inki.

Zizindikiro zina siziyenera kudikira n'komwe. Ululu umene ukukula m'malo mochepa pakatha masiku atatu, kutentha pamalopo, mafinya onunkha, kutupa kofalikira, mwanabere m'khwapa kapena kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mizere yatukuka

Tattoo yakale imatha kutukuka pang'ono n'kuyabwa kukatentha, kenako n'kuphwa. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chipsera chotukuka chimene chakhala m'malire a mzere chimasonyeza kuti dzanja linalemera, ndipo chimatsika pang'onopang'ono. Choopsa ndi keloid, chipsera chimene chimakulirakulira kudutsa malire a chilonda, cholimba, choyabwa. Chimapezeka kwambiri pa anthu akhungu lakuda, chimayenda m'mabanja, ndipo chimakonda pachifuwa, pamapewa, kumsana chakumtunda ndi m'makutu. Si munthu wakuda aliyense amene amachita keloid, ndipo ojambula amene amakana makasitomala akuda pa chifukwa chimenechi akulakwa. Koma ngati ndolo, katemera kapena mphini zinakusiyirani chotupa chotere, realism si yanu, popeza imafuna kudutsa kambirimbiri pamalo pamodzi. Keloid ikayamba, osajambulapo pamwamba pofuna kuibisa. Pitani kwa dokotala wa khungu, amene nthawi zambiri amayamba ndi jakisoni wa steroid wobaya m'chipseramo.

Kubwerera kwa yemweyo kapena kusaka wina

Ngati vuto ndi la mithunzi yopepuka yokha, ndipo maso, mphuno ndi pakamwa zili pamalo pake, bwererani kwa yemweyo. Ojambula ambiri salipiritsa kukonza koyamba, koma funsani nthawi imene amapereka, makamaka ngati munajambulitsa ku Johannesburg kapena ku Cape Town ndipo simudzabwererako msanga. Ngati pali zipsera, blowout yambiri, kapena nkhopeyo siikufanana ndi mwini wake, dzanja lomwelo silingakonze.

Posaka wina, zithunzi za tattoo zaziwisi musazitenge ngati umboni. Zambiri zimatoledwa ndi galasi la kamera lochotsa kunyezimira, kenako amazidetsa pa foni. Pemphani zithunzi kapena kavidiyo ka ntchito imene yapola kwa chaka, pa munthu wa khungu lofanana ndi lanu, potoledwa masana. Mufunseni kuti pa khungu lanu agwiritsa ntchito mithunzi ingati ndipo asiya pati posajambula. Amene wayankha kuti khungu ndi khungu basi, msiyeni. Ena amavomera kubaya timadontho tingapo ta mithunzi yosiyana pamalo pamene chithunzi chidzaphimbe, n'kudikira kuti tipole, kuti nonse muone kuti ndi kapu iti imene ikuoneka pa inu. Kudikira miyezi iwiri chifukwa cha zimenezi n'kwanzeru.

Laser ikhale yomalizira, ndipo kawirikawiri cholinga sichikhala kufufuta zonse koma kupepuza kuti wojambula apeze pogwira. Inki yakuda ndiyo imamvera laser kuposa mitundu yonse. Vuto n'lakuti melanin nayenso amakoka kuwala kwake, choncho makina olakwika amawotcha khungu n'kusiya zigamba zoyera. Pa khungu lakuda makina amene amagwiritsidwa ntchito ndi otchedwa Nd:YAG pa 1064 nm (muyezo wa kuwala kwake), pa mphamvu yochepa, maulendo otalikirana masabata 6 mpaka 8 kapena kuposa. Auzeni a laserwo ngati pali inki yoyera, chifukwa titanium dioxide, ufa woyera wa mu inkiyo, amatha kusanduka wakuda laser ikamuwomba, ndipo pemphani kuti ayese kaye pa kamalo kakang'ono asanawombe nkhope yonse.